Beseni la Kuchipinda: Tilizule Kapena Tilisiye?

Mvula ikatha, mphepo ya mwezi wa June nkuyamba kuulutsa fumbi, munthu woyenda m'misewu ya ku Itawa kuno ku Ndola amaona milu ya mchenga, miyala ndi njerwa pamageti ambiri. Imeneyi ndiyo nyengo yokonza nyumba. Ena akusasula denga lakale, ena akuyala matailosi pamene panali simenti yofiira ija imene amayi athu ankaipukuta ndi polishi atagwada, enanso akugumula khoma kuti chipinda chochezera chikule. Pakati pa ntchito zikuluzikuluzi pali kanthu kamodzi kooneka ngati kachabe, koma kamene tamva kakuutsa mkangano m'mabanja angapo a m'parishi mwathu ndiponso kwa abale athu a ku Kitwe. Tikunena beseni losambira m'manja, lija ena amati sinki, limene lili pangodya ya chipinda chogona m'nyumba zina zakale za kumayadi. Ana, amene kawirikawiri ndiwo atulutsa ndalama, akuti lichoke pakuti ndi lachikale ndipo likudya malo a wadiropu. Makolo akuti lisiyeni, koma akafunsidwa chifukwa chake amangoyang'ana pansi. Mmisiri waima pakati ndi nyundo m'manja kudikira kuti auzidwe chochita, ndipo tsiku lililonse limene akudikira ndi lolipidwa.

Tisanaweruze mlanduwu ndi bwino kufunsa kumene chinthuchi chinachokera, pakuti si chathu ayi. Kumudzi kwathu, kaya ndi ku Katete, ku Chadiza kapena ku Petauke, bafa limakhala kuseri kwa nyumba, kampanda ka udzu ndi mwala woimapo, ndipo chimbudzi chimakhala chapatali ndithu. Beseni la kuchipinda linabwera ndi Angerezi. Kwawo ku Britain, mapaipi asanalowe m'nyumba, munthu ankasukusula m'chipinda chake chogona: pakathebulo pankakhala jagi ndi mbale yaikulu, ndipo wantchito ankabweretsa madzi ofunda m'mamawa nkukataya akuda. Mapaipi atabwera, mbale ija inangomangiriridwa kukhoma, nipatsidwa mpopi wake. Popeza kuti nyumba yaikulu ya zipinda zinayi inkakhala ndi bafa limodzi lokha, beseni limeneli linkachepetsa mzere wapakhomo la bafa, pakuti bambo ankameta ndevu kuchipinda pamene ana akusamba. Ndicho chifukwa chake timalipezabe m'nyumba za ansembe ndi za masisitere, m'zipatala za mishoni ndi m'mahotela akale. Ife amene tinaphunzira kumishoni tikukumbuka momwe tinkasuzumira pazenera la nyumba ya Abambo, kudabwa kuti munthu mmodzi ali ndi mpopi wakewake pafupi ndi bedi, pamene ife tonse tinkalimbirana madzi ozizira a m'bandakucha.

Ngakhale kwa eni akewo mkangano unalipo. Mu 1871 mwana wa Mfumukazi Victoria, amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu Edward VII, anadwala taifodi mpaka pafupi kufa, ndipo ambiri ananena kuti chinamudwalitsa ndi mpweya woipa wochokera m'mapaipi a zonyansa. Anthu anayamba kuchita mantha kugona pafupi ndi paipi. Lero tikudziwa kuti taifodi imalowa m'thupi ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa, osati ndi fungo. Komabe mantha awo anali ndi phunziro lake, ndipo tibwererako posachedwa.

Kuno ku Migodi nyumbazi zinamangidwa pa nthawi imene tauni iliyonse inali matauni awiri. Boma la Ndola linatsegulidwa mu 1904, njanji inafika mu 1909, ndipo Kitwe anakhazikitsidwa mu 1936. Azungu ankakhala ku Northrise ndi ku Kansenshi, ku Nkana East ndi ku Parklands, m'nyumba za madzi otentha ndi ozizira. Makolo athu ankakhala ku Masala, ku Kabushi, ku Chifubu, ku Wusakile ndi ku Chamboli, kumene m'malo ena mabanja ambiri ankagawana mpopi umodzi ndi zimbudzi za onse. Ufulu utabwera mu 1964, aphunzitsi, manesi, makalaliki ndi akapitawo a pamgodi anayamba kulowa m'nyumba za kumayadi, koma anali alendi chabe. Mpopi ukadontha ankangokanena ku ofesi ya khonsolo kapena ya mgodi, ndipo amisiri ankabwera ndi zitsulo zawo. Zinthu zinasintha mu 1996 pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo. Nyumba za boma zinatsatira, ndipo za ZCCM nazo zinagulitsidwa kwa antchito pamene migodi inali kupita m'manja mwa eni atsopano, ntchito imene inatha mu 2000. Cha m'nthawi yomweyo madzi anachoka m'manja mwa makhonsolo napita kumakampani, Kafubu kuno ku Ndola ndi Nkana ku Kitwe, ndipo pang'onopang'ono mamita anafika pamakomo athu. Tinasangalala kukhala eni nyumba, ndipo kunali koyenera kusangalala. Koma pamodzi ndi makiyi tinalandiranso mapaipi amene anali atakalamba kale, opanda ofesi yokadandaulako.

Tiyeni timve tsono mbali ya ana, pakuti sakulankhula zopanda nzeru. Mzinda wa Ndola wakhala pamwala wa laimu, ndicho chifukwa chake tili ndi mafakitale a laimu ndi simenti pafupi nafe. Madzi a pa akasupe a ku Itawa, amene amatsikira mumtsinje wa Kafubu, ndiponso a m'zitsime za ku Misundu, amadutsa m'mwala umenewu. Mayi aliyense akudziwa zoyerayera zimene zimakakamira pansi pa ketulo. Zomwezo zimakakamira m'kati mwa paipi ndi mumpopi. Mapaipi akale ndi achitsulo, ndipo amachita dzimbiri kuyambira m'kati, kotero kuti kunja amaoneka abwino pamene m'kati mwatsala kanjira konga ka udzu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Paipi yotere ikabooka m'kati mwa khoma sichita phokoso. Mumangoona penti ikutukusira, timatabwa toyalidwa pansi tikufufuma, ndipo suti ya ukwati imene inali mu wadiropu yachita nkhungu. Chinyezi chotere m'bafa tingachipirire, pakuti timakhalamo mphindi zochepa. M'chipinda chogona munthu amapuma mpweya umenewo usiku wonse, ndipo kwa mwana wa mphumu kapena nkhalamba ya chifuwa, nkhungu si bwenzi ayi. Chiswe nacho chimatsata pamene pali chinyezi.

Palinso nkhani ya bilu. Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umaoneka ngati sukutaya kanthu, koma tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, ndipo madontho amenewo amadzaza chigubu cha malita 20 nkusefukira. Pamwezi ndi malita oposa 600, ndiwo madiramu atatu. Mpopi wa kukhitchini ukadontha amayi amauona tsiku lomwelo. Wa m'chipinda cha alendo, chimene chimatsegulidwa pa Khirisimasi ndi pamaliro pokha, ungadonthe miyezi itatu popanda woudziwa, koma mita ikuwerenga.

Choopsa china tinachiona bwino mu 2024. Chaka chimenecho chilala chinakula mpaka boma linalengeza m'mwezi wa February kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Magetsi akazima makina opopa madzi amaima, mipopi nkuuma. Anzathu a ku Kitwe anaonanso mipopi youma mu February 2025, pamene damu la zotsalira za mgodi linagumuka ku Chambishi nkuipitsa mtsinje wa Kafue. Nanga mwana akatsegula mpopi, nkuona kuti mulibe madzi, amakumbukira kutseka? Amangochoka. Madzi amabwera pakati pa usiku kapena pamene onse ali kutchalitchi, ndipo ngati kadzenje ka beseni katsekeka ndi tsitsi kapena sopo, pobwera mumapeza matiresi, mabuku a sukulu ndi makalata a nyumba zili m'thamanda. M'bafa madzi otere amapeza potulukira. M'chipinda alibe kolowera koma pansi pa bedi.

Tibwerere ku mpweya woipa uja. Mukasuzumira pansi pa beseni lililonse mudzaona paipi yopindika, kapena kachinthu konga kabotolo. Sikokongoletsa ayi. M'menemo mumatsala madzi okwana masentimita 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo madzi amenewo ndiwo chitseko chotsekereza fungo ndi mphemvu zochokera kumapaipi a zonyansa. Nzeru imeneyi ndi yakale: Alexander Cumming, wokonza mawotchi wa ku Scotland, analembetsa ku London mu 1775 chimbudzi cha paipi yopindika ngati chilembo S. Koma chitseko cha madzi chimafuna madzi. Beseni likakhala milungu ingapo osagwiritsidwa ntchito, makamaka m'kutentha kwa October, madzi aja amauma ndipo chitseko chimatseguka. Banja limafunafuna khoswe wakufa kudenga, pamene fungo likuchokera pangodya pomwepo. Ndipo tinene mosabisa, popeza magazini ino ndi ya banja: m'chipinda cha anyamata beseni limasanduka chinthu china usiku wa June, pamene chimbudzi chili kutali ndipo bulangete lafunda. Amene analerapo anyamata kapena kuyang'anira ana a sukulu yogonera konko atimva.

Zonsezi ndi zoona. Koma tsopano timve mbali ya makolo, pakuti iwo sadzadzinenera okha.

Bambo amene anagula nyumba mu 1996 ali ndi zaka 45 anakwanitsa zaka 70 mu 2021. Nyumba imene Mzungu anaimangira anthu anayi lero mukugona anthu khumi ndi awiri: adzukulu amasiye, mphwake wa bambo amene akufuna ntchito, mlamu amene wabwera ndi mwana wodwala ku chipatala cha Arthur Davison, ndi msuweni wodikira tsiku lake ku Ndola Teaching Hospital. Sitingawabweze, ndipo sitifuna kuwabweza. Koma bafa likadali limodzi. M'mamawa pamene ana a sukulu akuthamangira madzi, agogo aakazi amakhala pabedi kudikira kuti onse achoke, pakuti sangagogode pakhomo la bafa m'mene muli mdzukulu wamwamuna, ndipo sangaime m'khonde la m'kati atangomanga chitenje pachifuwa pamene mkamwini wawo akudutsa. Kumudzi ulemu wa pakati pa apongozi ndi mkamwini unkatetezedwa ndi bwalo: aliyense anali ndi nyumba yake, anyamata kumphala kwawo, ndipo bafa linali ndi njira yake yakuseri. M'tauni tonse tapanikizana pansi pa denga limodzi, ndipo khonde lija la mita imodzi ndilo lakhala bwalo. Kwa mayi wotere, beseni la kuchipinda ndilo limamulola kusukusula, kutsuka m'kamwa ndi kumanga duku lake asanaonane ndi munthu. Akatuluka amatuluka ngati mwini nyumba, osati ngati wodwala wa pamzere. Kodi zimenezi angazinene bwanji kwa mwana wake wamwamuna amene waima ndi mmisiri? Ndicho chifukwa chake amangoyang'ana pansi.

Pali chinanso chimene alangizi athu, ndi anzawo achibemba amene kuno timati banachimbusa, amaphunzitsa mkwati ndi mkwatibwi, kuti m'chipinda cha okwatirana musamasowe madzi, ndi kuti madzi amenewo si oti ana aziwaona akulowa kapena kutuluka. Sitinena zambiri pakuti ana nawonso amawerenga tsamba lino. Okwatira amva, ndipo aona okha chimene mpopi wa kuchipinda umawapeputsira.

Koma chifukwa chachikulu koposa ndi matenda. Ntchito yathu imatilowetsa m'zipinda zogona zambiri kuposa mmisiri aliyense, poperekeza ansembe kukadzoza odwala kapena pokacheza ndi amene sangathenso kufika kutchalitchi. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi ndi chifuwa chachikulu zinadzaza zipatala, Dayosizi ya Ndola inadziwika kutali chifukwa cha amayi ndi abambo a m'miphakati amene ankasamalira odwala kunyumba kwawo. Funsani aliyense wa amayi amenewo amene akali moyo kuti ntchito yolemetsa inali iti. Adzakuuzani za madzi. Kupukuta wodwala m'mamawa, kumutsuka m'kamwa, kunyowetsa kansalu ka pamphumi thupi likatentha, kutsuka kapu ya mankhwala, kuchapa kansalu kamene kaipitsidwa, kusamba m'manja usanamugwire ndiponso utamugwira, zonsezi ndi maulendo a kubafa ndi beseni la pulasitiki m'manja, usana ndi usiku. Ndipo ulendo uliwonse umadutsa pamaso pa alendo okhala pabalaza, amene amaona chimene chanyamulidwa. Wodwala amadziwa kuti aona, ndipo manyazi ake amamupweteka kuposa zilonda. Lero mankhwala a Edzi alipo ndipo ambiri akukhala ndi moyo wautali, koma m'malo mwake tikuona sitiroko, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikugoneka makolo athu miyezi ndi zaka. Wosamalira kawirikawiri ndi mkazi wa wodwalayo, nayenso wokalamba, kapena mdzukulu wamkazi amene mawa lake ali ndi sukulu. M'zipinda zimene muli mpopi taona kuti wosamalira satopa msanga, chipinda sichinunkha, ndipo manja amasambidwa kawirikawiri pakuti madzi ali pomwepo. M'zimene mulibe, munthu wotopa amangopukuta manja pachitenje nkupitiriza.

Kusamba m'manja kumeneku tisakupeputse. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka February 2024. Mu 2020, Covid-19 itafika, tinauzidwa kuti wodwala akhale m'chipinda chayekha. Mabanja amene anali ndi chipinda cha mpopi anatha kutero mosavuta kuposa ena.

Tiwonjezepo kugwa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndi kuti ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Matailosi onyezimira amene ana athu amakonda ndi oterera ngati therere akangonyowa. Nkhalamba yodzuka usiku magetsi atazima, kupapasa khoma kuti ikatunge madzi omwera mankhwala, ili paulendo woopsa kuposa momwe tiganizira. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo, ambiri sadzukanso. Beseni silichotsa ulendo wa kuchimbudzi, zimenezo tivomere, koma limachotsa maulendo ena onse.

Ana ena adzayankha kuti: tikuchotsa beseni kuti timangire makolo bafa ndi chimbudzi chawochawo m'chipinda, chija masiku ano timati selofu kontena. Ngati ndalama zilipo ndipo malo alola, chitani zimenezo, ndipo mkangano watha. Koma werengani mtengo wake musanagumule. Chimbudzi chimafuna paipi yaikulu ya mamilimita 110 yotsetsereka bwino mpaka kukalumikiza kunja, ndipo kuwonjezera chipinda kapena kugumula khoma lonyamula denga kumafuna pulani ndi chilolezo cha khonsolo. Kuyambira mu 2023, pamene lamulo linalola antchito kutapako gawo la 20 peresenti pa ndalama zawo za ku NAPSA, taona nyumba zambiri zikuyambidwa kukonzedwa, ndipo taonanso zina zitaima pakati. Ndalama zimatha khoma lili pamawindo. Beseni linazulidwa tsiku loyamba, pakuti kuzula sikuchedwa, ndipo bafa lolonjezedwa lija ndi mulu wa njerwa umene nkhuku zikugonapo. Ngati mwatsimikiza kumanga bafa, beseni lichoke tsiku limene mpopi watsopano watulutsa madzi, osati tsiku limene mmisiri wafika.

Maganizo athu tsono ndi akuti funsoli lisafunsidwe pa nyumba yonse, koma pa chipinda chilichonse pachokha, poyang'ana amene adzagonamo zaka khumi zikubwerazi osati amene akugonamo lero. M'chipinda cha makolo beseni likhale, ndipo pamenepa sitikayika konse. M'chipinda cha ana lichoke, pakuti kumeneko zoipa zake zimaposa zabwino zake. Chipinda cha alendo ndicho chovuta. Ngati chimakhala chotseka miyezi yambiri, beseni lake lidzangokhala gwero la fungo. Koma tiyang'ane bwino, pakuti m'mabanja ambiri chipinda chimenechi ndicho chimene amayi a kumudzi adzagonamo akadzalephera kulima, ndipo ena amachibwereketsa kwa ophunzira a ku NORTEC kapena a sukulu ya udokotala ya Copperbelt University kuti penshoni ikwane. Mlendi amene ali ndi mpopi wake salimbirana bafa ndi ana a mwini nyumba m'mamawa, ndipo mtendere umakhalitsa. Kungoti auzidwe tsiku loyamba kuti beseni losambira m'manja si lotsukiramo mapoto, pakuti paipi yake ndi yaing'ono ndipo mafuta ndi makoko a nsima zimaitseka msanga.

Kulisiya sikutanthauza kulisiya momwe lilili. Popeza khoma latsegulidwa kale ndipo pulambala ali pakhomo, paipi yachitsulo ichoke yonse, ilowe yapulasitiki ya masiku ano imene sichita dzimbiri. Kuika matailosi atsopano pamwamba pa paipi ya zaka makumi asanu ndi kugula ntchito yowaswanso. Pansi pa beseni paikidwe kavalavu kotsekera, kamene m'masitolo a zitsulo amati angle valve, kuti mpopi ukavuta kapena mukapita kumudzi mutseke pomwepo popanda kuuma nyumba yonse. Mpopi ukhale wa kamkono kongokankha, osati wopotokola, pakuti zala za nyamakazi sizitha kumanga mpopi wopotokola ndipo kamkono kamaonetsa patali ngati katsekedwa kapena ayi. Madzi otentha tingawasiye, makamaka ngati giza ili kutali, chifukwa mumataya ndowa yathunthu podikira kuti afunde. Kukhoma kuseri kwa beseni kuikidwe mizere iwiri kapena itatu ya matailosi, pansi pakhale posaterera, ndipo soketi ya magetsi isunthidwe ipite kutali ndi madzi. Chinthu chimodzi chimene amisiri ambiri saganizira ndi ichi: nkhalamba idzatsamira pabeseni ndi thupi lonse, kaya muiletse kaya musailetse. Beseni lopachikidwa ndi tizitsulo tiwiri tadzimbiri lingazuke nkugwa nayo pamodzi. Limangidwe ndi mabawuti olowa m'njerwa, ndipo pambali pake paikidwe chitsulo chogwirira. Pansi pake pasatsekedwe ndi kabati, kuti munthu wokhala pampando alowetse mawondo. Ndipo ngati chipinda chikhala chopanda munthu, mwana mmodzi apatsidwe ntchito yothiramo kapu ya madzi Loweruka lililonse. Popita ulendo wautali, supuni ya mafuta ophikira yothiridwa pamwamba pa madzi aja imachedwetsa kuuma kwake.

Kulizula nakonso kuli ndi njira yake, ndipo pano ndi pamene ambiri amanyengedwa. Mmisiri wofulumira amadula paipi pakhoma, nkuikapo chotsekera, nkumata simenti pamwamba. Pakhoma pamaoneka bwino, koma m'kati mwatsala paipi yodzaza madzi osayenda, amene amavunda, ndipo chotsekera chija chikadzachita dzimbiri palibe amene adzakumbuke kuti pamenepo panali mpopi. Madzi saiwala khwawa. Paipi idulidwe kumene inachokera, pamphambano pake kunja kapena kudenga, ndipo inu eni muone ndi maso anu asanamate. Paipi yotulutsa madzi akuda nayo itsekedwe mbali zonse ziwiri, pakuti ikangosiyidwa imakhala msewu wa mphemvu ndi makoswe. Musanalipire, tsekani mipopi yonse ya m'nyumba, muwerenge mita, mudikire ola limodzi, muwerengenso. Ngati manambala asuntha, pali pamene pakudontha ndipo ntchito sinathe.

Tsono mawu kwa inu ana athu amene mukutumiza ndalama kuchokera ku Solwezi, ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London. Mukuchita bwino kukonza nyumba ya makolo, ndipo ambiri a msinkhu wanu sakumbuka nkomwe. Koma inu mumagonamo masiku asanu pachaka, pamene iwo amagonamo masiku onse, ndipo dzina lolembedwa pamakalata a nyumba ndi lawo. Chithunzi cha chipinda chokongola chimene mwaona pa Facebook chinajambulidwa m'nyumba imene muli mabafa atatu ndi anthu awiri. Funso la beseni musalifunse pabalaza pamaso pa mmisiri ndi adzukulu, chifukwa yankho loona silinganenedwe pamenepo. Mwana wamkazi kapena azakhali alowe kuchipinda ndi amayi, atseke chitseko, afunse bwinobwino. Bambo afunsidwe ndi mnzawo wa msinkhu wawo kapena ndi amalume. Ndipo inu makolo, ngati manyazi akuletsani kufotokoza, nenani kokha kuti ili ndilo tidzasambirapo tikadzadwala. Mwana wanzeru safunsanso kachiwiri.

Beseni limene lazulidwa m'chipinda cha ana lisaswedwe kapena kutayidwa kudzala. Mabeseni akale aja ndi olimba kuposa ambiri a m'masitolo a lero, ndipo chikasu cha laimu chimene chakakamirapo chimachoka ndi viniga kapena madzi a mandimu. Malo ake abwino ndi panja, pakhoma la pafupi ndi khomo la kukhitchini kapena pakhonde, pamene paipi ya madzi ili kale pafupi ndipo madzi akuda angapite kunthochi kapena kumaluwa. Pamenepo ana obwera kosewera amasamba m'manja asanakhudze nsima, a mphakati akabwera kudzasonkhana sapempha jagi, ndipo pa tsiku la maliro, pamene anthu ochuluka abwera kuchokera kumanda a ku Kantolomba kapena ku Mitengo, amasamba pampopi woyenda m'malo mopisa manja onse m'bafa limodzi la madzi oima. Liikidwe motsika pang'ono kuposa la m'nyumba kuti ana afikire, ndipo sopo amangiriridwe ndi chingwe.